Kodi monster, ogre, fiend ndi beast zonsezi ndi chilombo?

Funso la lero lachokera kwa mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ina yoyendera m'boma la Dedza. Iwo akuti:

"M'nkhani imene tinkawerenga ndi ana a Fomu 3 munali mawu akuti monster, ogre, fiend ndi beast. Atandifunsa kusiyana kwake ndinangoti onsewo ndi chilombo. Sabata yotsatira mtsikana wina analemba m'chimangirizo chake kuti pa maliro a mfumu ya kwawo monsters danced the whole night. Ndinaona kuti pali cholakwika, koma ndinasowa pogwira poti ndine ndinamuphunzitsa. Mawuwa amasiyana bwanji, nanga n'chifukwa chiyani Chingerezi chili nawo ambiri chonchi?"

Aphunzitsi, mtsikanayo musamudule malikisi. Wangoyenda m'njira imene munamulozera. Inu munati monster ndi chilombo, iye akudziwa kuti zotuluka kudambwe zija timazitcha zilombo, basi walumikiza. Vuto ndi lakuti mawu awiriwa amangokumana pang'ono, kenako lililonse limalowera kwake.

Tiyambire pa monster. Mawuwa analowa m'Chingerezi cha m'ma 1300 kudzera m'Chifalansa, koma kwawo kwenikweni ndi ku Chilatini, kumene ankati monstrum. Mukandifunsa liwu la Chichewa loyandikira tanthauzo loyambalo, ndikuuzani kuti ndi malodza. Kwa Aroma akale, ng'ombe ikabereka mwana wa mitu iwiri, ankati milungu ikuwachenjeza za tsoka limene likubwera, ndipo chobadwacho ankachitcha monstrum, kuchokera ku mneni monere, kuchenjeza. Monita amene mumamusiyira kalasi kuti azilemba maina a olongolola ndi mbale wake wa monster, chimodzimodzi admonish, monument ndi demonstrate. Chifukwa cha chiyambi chimenechi, kwa zaka mazana ambiri mabuku a Chingerezi, a madokotala omwe, ankatchula mwana wobadwa ndi ulumali kuti monster. Lero kutero n'chipongwe chachikulu, ndipo ana anu adziwe zimenezi asanakumane nazo m'mabuku akale.

M'Chingerezi cha masiku ano monster ali ngati chidengu chachikulu chimene mumaponyamo cholengedwa chilichonse choopsa chimene kulibe m'tchire lenileni: cha m'nthano, cha m'mafilimu, cha m'maloto a mwana. Chotchuka ndi chija cha m'nyanja ya Loch Ness ku Scotland, chimene manyuzi anayamba kuchifalitsa mu 1933 ndipo mpaka pano palibe anachigwira, ngakhale alendo amapitabe ndi makamera. Koma mawu omwewa amagwiranso ntchito zina zitatu zimene ife timazinena mosiyana kwambiri. Msodzi akati wagwira a monster fish, sakunena za kuopsa, akunena za kukula. Ife tingoti wagwira chinsomba. Nyuzi ikalemba kuti bambo wozunza ana ake ndi monster, ikunena za kuuma mtima, monga mmene timanenera kuti munthu uja ndi mfiti pamene sitikutanthauza kuti amatamba usiku. Ndiye mayi akamaseka n'kumati mwana wake wa zaka zitatu ndi little monster, akungoti kamwana kovuta, kosamva, ndipo akunena mwachikondi. Shakespeare nayenso anatchula nsanje kuti green-eyed monster m'sewero la Othello, ndipo Angerezi amanenabe choncho mpaka lero.

Mwaona kuti pa chinsomba paja sitinasowe liwu latsopano. Apa ndi pamene pagona yankho la funso lanu lachiwiri. Chichewa chili ndi kachida kakang'ono kamene kamagwira ntchito ya mawu khumi a Chingerezi, ndiko mphatikira kumutu chi. Njoka ikhala chinjoka, munthu akhala chimunthu, mbalame ikhala chimbalame, nyama ikhala chinyama, ndipo pomwepo womvera wamva kukula, kunyansa ndi mantha. Chingerezi chilibe njira yachidule yotero. Chimene chinachita n'kutola. Chinatola kwa Aroma ndi Agiriki, kwa Afalansa amene analanda England mu 1066, kwa anthu a ku Scandinavia, m'Baibulo, kwa Aarabu, ku Serbia, ku Haiti. Liwu lililonse linabwera litabereka nthano ya kwawo kumsana, ndipo nthanoyo ndi imene imasiyanitsa liwu lina ndi linzake.

Beast ndiye mnansi weniweni wa chilombo. Ndi nyama, makamaka yaikulu kapena yolusa, ndipo ikhoza kukhala yeniyeni: mkango, fisi, njati. Ngakhale bulu wokoka ngolo amatchedwa beast of burden, wosaopsa aliyense. M'buku la Chivumbulutso chaputala 13, pamene Baibulo lathu likuti chilombo, la Chingerezi likuti the beast. Achinyamata a ku England ndi America akati wosewera mpira uja is a beast akumuyamikira mphamvu, monga momwe anyamata athu angatchulire katakwe wawo kuti chilombo. Brute ali pafupi, koma iye amatsindika mphamvu zopanda nzeru, munthu wongodziwa chibakera.

Tsono tibwerere kwa mtsikana wanu. Zilombo za gule wamkulu zimaimira mizimu ya makolo ndi nyama za m'tchire. Kasiyamaliro akatuluka, wabwera kudzaperekeza womwalira. Ndi ulemu, ndiye chifukwa chake anatuluka pa maliro a mfumu. Mngerezi akawerenga kuti monsters danced, m'mutu mwake mubwera zinthu zoipa, zonyansa, zofunika kuthawa kapena kupha. Ulemu wonse uja wathera panjira. Mabuku ambiri a Chingerezi amalemba masked dancers, ngakhale ndikudziwa kuti olowa gule sakondwa kumva zonena kuti mkatimo muli munthu. Ine ndikanamuuza mwanayo alembe the Gule Wamkulu spirits, kapena angosiya liwu lakuti zilombo momwemo n'kulifotokoza pang'ono. Bungwe la UNESCO pozindikira guleyu mu 2005 silinamasulire dzina lake, linalemba Gule Wamkulu basi.

Ogre, amene munamuika m'dengu limodzi ndi anzakewo, ndi chimunthu chodya anthu, makamaka ana. Ali ndi thupi longa la munthu, chimutu, chimimba, amalankhula, ali ndi nyumba ndi mkazi, koma nzeru n'zochepa, choncho m'nthano kamwana kochenjera kamamupusitsa kawirikawiri. Anamutchukitsa ndi Mfalansa Charles Perrault m'nthano zake za mu 1697. Lero bwana waukali, kapena hedimasitala amene ana amazimiririka akangomva nsapato zake pakhonde, ndiye ogre. Giant, chimphona, amasiyana naye chifukwa iye chake n'kutalika ndi kukula basi. Akhoza kukhala woipa ngati Goliati kapena wofatsa, mpaka pali mawu akuti gentle giant. Giant anachokera ku Chigiriki gigas, dzina la zimphona zimene zinamenyana ndi milungu. Mukamagula bandulo ya gigabyte imodzi pa foni, giga ameneyo ndi chimphona chomwecho.

Mawu a kukula ndi ambiri ndipo sindikhalitsapo. Titan ndi mtundu wina wa milungu ikuluikulu ya Agiriki, ndipo sitima ya Titanic imene inamira mu 1912 inatengera dzina pamenepo. Colossus chinali chifanizo chachitali cha pa chilumba cha Rhodes, n'chifukwa chake ngongole yoopsa amati colossal debt. Awiri amene amandisangalatsa ndi behemoth ndi leviathan a m'buku la Yobu chaputala 40 ndi 41. Mukawerenga mafotokozedwe ake, woyambayo amadya udzu ngati ng'ombe ndipo amagona m'bango, wachiwiriyo ali ndi mamba ndi mano oopsa ndipo simungamukoke ndi mbedza. Munthu wokulira m'mbali mwa Shire sachedwa kuona mvuu ndi ng'ona, ndipo akatswiri ambiri a Baibulo amaganizanso choncho. Angerezi, poti kwawo kulibe nyama zimenezi, anasunga maina a Chiheberiwo, ndipo lero kampani yaikulu kwambiri amaitcha behemoth, pamene boma lamphamvu zonse amalitcha leviathan kutsatira buku la Thomas Hobbes la mu 1651.

Fiend ndi nkhani ina. Iye alibe maonekedwe okhazikika; chake ndi kuipa mtima. M'Chingerezi chakale feond ankatanthauza mdani, mosiyana ndi freond, amene lero ndi friend. Kusiyana kwake n'kachilembo kamodzi, ndipo ndaonapo ana ambiri akulemba my best fiend pofuna kutamanda mnzawo wapamtima. Akhristu oyamba a ku England ankatchula Satana kuti the Fiend, mdani wamkulu, ndipo kuchokera apo liwulo linayamba kutanthauza chiwanda komanso munthu wankhanza zauchiwanda. Koma Angerezi amakonda kufewetsa mawu oopsa n'kumaseweretsa. Munthu wosakhala tsiku osamwa khofi ndi coffee fiend, ndipo funso la masamu lozunguza mutu ndi fiendish question. Demon, chiwanda, nayenso poyamba sanali woipa: kwa Agiriki daimon unali mzimu chabe, wabwino kapena woipa.

Pali gulu limene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene omasulira ambiri amapunthwa poganiza kuti apeza mapasa. Ndi gulu la akufa osagona.

Zombie ndi ndondocha amafanana modabwitsa, malinga mutenge zombie woyambirira. Ku Haiti, dziko la zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa, anthu ankakhulupirira kuti wamatsenga akhoza kudzutsa munthu m'manda n'kumamulimitsa m'munda wa nzimbe, wosalankhula, wosafunsa malipiro, wosadziwa kwawo. Imeneyo ndi ndondocha yathu ndendende, imene amati imagwira ntchito usiku pachigayo kapena m'munda mwa wokhwima. Akatswiri ambiri amalondola liwulo ku zilankhulo za ku Congo ndi Angola. Linafala ku America kudzera m'buku la William Seabrook la mu 1929. Koma kuyambira cha m'ma 1968 opanga mafilimu anasintha chithunzicho: zombie wa lero alibe mbuye, amayenda m'chigulu, amadya amoyo, ndipo akakuluma nawenso usanduka. Mwana wanu akalemba zombie pofuna kunena ndondocha, wowerenga wa ku London aona chigulu chimenecho, osati munthu womvetsa chisoni amene wabedwa moyo kuti alemeretse wina. Chimene chinatsalako cha tanthauzo lakale ndi pamene munthu wosagona usiku wonse anena kuti I feel like a zombie, thupi likuyenda koma mwini wake mulibe.

Vampire analowa m'manyuzi a ku London mu 1732, pamene kunamveka malipoti ochokera m'midzi ya ku Serbia akuti anthu akufukula mitembo n'kuibaya ndi chikhomo pamtima poiganizira kuti imadzuka usiku kukayamwa magazi a abale. Buku la Bram Stoker la mu 1897, Dracula, ndi limene linatchukitsa chithunzi chake cha zovala zakuda ndi mano osongoka. Mukukumbukira za mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana nawo, anthu osalakwa n'kuphedwa pongoganiziridwa. Atolankhani akunja analemba kuti vampires, ndipo owerenga awo anaganiza kuti Amalawi akuopa mitembo yoyenda. Sizinali choncho. Namapopa wa m'mphekeserazo anali munthu wamoyo, mlendo m'mudzi, woganiziridwa kuti ali ndi zipangizo zopopera magazi n'kukagulitsa kwa olemera. Manthawo anali a kudyeredwa masuku pamutu ndi anthu a ndalama, ndipo liwu la vampire linakwirira zonsezo. Manyuzi a kuno amene ankalemba bloodsuckers analondola kuposa anzawo.

Ghoul anachokera ku Chiarabu ghul, chiwanda cha m'chipululu, ndipo m'Chingerezi, mmene analowa m'ma 1780, amadziwika ngati chofukula manda n'kudya mitembo. Lero amanenera munthu wokondwera ndi imfa ndi ngozi. Minibasi ikagubuduzika pamsewu, ena akunyamula ovulala, wina n'kumajambula mitembo kuti atumize pa WhatsApp abale asanamve: khalidwe limenelo ndi ghoulish. Ghost ndi mzukwa, alibe thupi, ndipo Angerezi ambiri samuwerengera m'gulu la monsters. Werewolf ndi munthu wosanduka mmbulu, pakuti wer linali liwu lakale la mwamuna; nkhani zathu za anthu osanduka afisi zili m'banja lomweli, kungosiyana nyama.

Troll ana anu amamudziwa kale, ngakhale sadziwa kumene anachokera. Ku Norway ndi maiko oyandikana nawo troll ndi cholengedwa chonyansa cha m'mapiri ndi m'mapanga, chobisala pansi pa milatho, chimene amati chimasanduka mwala dzuwa likachiwomba. Troll wa pa Facebook, uja wolemba zopsetsa mtima dala pansi pa uthenga wa maliro kuti anthu alusane, ali ndi makolo awiri. Wina ndi cholengedwa cha ku Norway chija. Wina ndi mneni wa asodzi, to troll, kukoka mbedza ya nyambo kumbuyo kwa bwato likuyenda n'kudikira nsomba yopusa. Ndikaganiza bwino, tanthauzo la asodzili ndi limene limamufotokoza bwino munthuyo. Waponya nyambo, ndipo woyankha mokwiya ndiye wakodwa.

Dragon timamumasulira kuti chinjoka, ndipo m'Chivumbulutso chaputala 12 zimagwirizana bwino. Kwa Azungu dragon ali ndi mapiko, amalavula moto, amagonera chuma, ndipo ngwazi imayenera kumupha, monga anachitira George Woyera, nkhoswe ya England. Komabe mbendera ya Wales ili ndi dragon wofiira monyadira, ndipo kwa anthu a ku China iye ndi wa mvula ndi mwayi. Ndinaonapo womasulira wina atalemba kuti Napolo ndi dragon. Sindinavomereze. Napolo amene anthu amati anadutsa ku Zomba mu Disembala 1946 ndi ku Phalombe mu Malichi 1991 ndi chinjoka cha pansi pa phiri, cha madzi ndi matope, chosamuka kuchoka kuphiri kupita kunyanja. Moto ndi mapiko sizimukhudza. Serpent amamuyenera kuposa dragon, koma chabwino koposa n'kumusiyira dzina lake. Chingerezi sichikana alendo: abale athu a ku Johannesburg akuuzani kuti manyuzi a Chingerezi a kumeneko amalemba tokoloshe osamasulira.

Kuchokera kwa Agiriki kunabweranso zolengedwa zosakaniza ziwalo, ndipo ziwiri mwa izo zimapezeka kawirikawiri m'nkhani za ndale. Hydra inali njoka ya mitu yambiri imene ukadula mutu umodzi pamamera iwiri, choncho mkonzi wa nyuzi akalemba kuti katangale ndi hydra, akuti ukagwira mmodzi patuluka awiri. Chimera anali ndi mutu wa mkango, thupi la mbuzi ndi mchira wa njoka. Poti chinthu chotere sichingakhaleko, liwulo limatanthauzanso loto losatheka, monga lonjezo la pa kampeni. Sayirini ya ambulansi inatenga dzina kwa ma Sirens, akazi a m'nthano oimba mokoma kuti amalinyero akaswe zombo pamiyala.

Tating'onoting'ono natonso tilipo. Goblin ndi kacholengedwa konyansa kokonda kusokoneza. Gremlin anamutchukitsa ndi oyendetsa ndege za nkhondo a ku Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, amene injini ikavuta popanda chifukwa chooneka ankati mwalowa ma gremlins; lero kompyuta ikazima yokha pakati pa ntchito amanena chimodzimodzi. Bogeyman ndi choopsezera ana, chopanda nkhope, chija mayi amati ukapanda kugona chikugwira, ndipo andale akasankha gulu lina la anthu kuti aziopsezera nalo ovota amati alisandutsa bogeyman. Nightmare ambiri amaganiza kuti ndi kavalo wamkazi wa usiku, poti mare ndi kavalo wamkazi. Ayi, mare ameneyu ndi wina: mzimu umene ankati umakhala pachifuwa cha munthu wogona mpaka kulephera kupuma kapena kukuwa. Amene zinawachitikirapo akudziwa chimene ndikunena.

Limodzi lomaliza limene anthu ophunzira omwe amalakwitsa. M'buku la Mary Shelley la mu 1818, Frankenstein ndi dzina la wophunzira sayansi amene anapanga cholengedwa, pamene cholengedwacho chilibe dzina. Mukamva kuti ndondomeko ina ya boma kapena chipani yasanduka Frankenstein's monster, akutanthauza chinthu chimene mwini wake anachipanga yekha koma tsopano chamukulira ndipo chamutembenukira. Ife tikanati galu waluma mbuyake.

Lolemba mukalowa m'kalasi, lembani pabolodi mawu anayi aja ndipo pa lililonse mufunse ana funso limodzi: choopsa pa chinthu chimenechi n'chiyani? Akati ndi nyama yolusa, ndi beast. Akati chimadya anthu koma chimaoneka ngati munthu, ndi ogre. Akati ndi kuipa mtima kwa uchiwanda, ndi fiend. Akasowa poika, kapena chikangokhala chachikulu modabwitsa, monster alipo. Kenako muitane mtsikana uja, mumubwezere kope lake, ndipo mumufunse kuti zilombo zimene zinavina pa maliro a mfumu zinali ziti. Akatchula Kasiyamaliro kapena Njovu, alembe maina omwewo m'chimangirizomo, aonjezere chiganizo chimodzi chofotokozera mlendo chimene zinabwerera.